Liu Lakuti "Comrade" Linabadwira M'cipinda Cogona

ALIYENSE amene anali ndi makutu m'dziko lino pakati pa caka ca 1973 ndi ca 1991 sangaiwale liu la Cingelezi lakuti "comrade". Linali kumveka pa wailesi m'mawa ndi madzulo. Linali kutsegula misonkhano ya Cipani ca UNIP, kuyambira pa nthambi ya m'mudzi kufikira pa msonkhano waukulu wa ku Mulungushi. Linali kutsogolera dzina la Mtsogoleri wa Dziko, la nduna, la gavanala, ngakhale la wapampando wa seksheni m'komboni. Anthu a m'midzi analisula kuti liyenerane ndi lilime lao, nalitchula kuti "komuredi".

Masiku ano liuli lacepa mphamvu. Limamvekabe pa misonkhano ya mabungwe a anchito, m'zipani zina za ndale, pakati pa ophunzira a pa yunivesiti ndiponso pa maliro a omenyera ufulu. Koma acinyamata ambiri amaliyesa dzina la udindo, longa lakuti Olemekezeka, ndipo ena amati ndi liu la ku Russia. Onsewa alakwa. Pamene liuli linabadwa silinali kukamba za ndale konse. Linali kukamba za cipinda cimodzi, mphika umodzi ndi mabvuto amodzi.

KUMENE LINACOKERA

Akatswiri a zinenero amalondola liuli kufikira ku Cilatini, cinenero ca Aroma akale, m'mene muli liu lakuti "camera", kutanthauza cipinda. Kucokera pamenepo anthu a ku Spain anapanga liu lakuti "camarada". Poyamba silinali kunena munthu mmodzi ai, koma gulu lonse la anthu ogona m'cipinda cimodzi, makamaka asilikari.

M'zaka za m'ma 1500 asilikari a mfumu ya Spain anali kumenya nkhondo kutali ndi kwao, ku Italy ndi ku Flanders, ndipo kawirikawiri malipiro ao anali kucedwa kwa miyezi yambiri. Poopa kufa ndi njala, iwo anali kukhala m'timagulu ting'onoting'ono. Kagulu kalikonse kanali ndi pogona pamodzi, ndipo kanali kusonkha ndalama zogulira cakudya ca onse. Wina akadwala kapena kulasidwa, anzace a m'cipinda ndiwo anali kumdwazika. Kagulu kotere ndiko kanali "camarada", ndipo m'kupita kwa nthawi dzinali linagwera munthu aliyense wa m'kagulumo.

Afalansa analitenga nalitchula "camarade". Angelezi analilandira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 zomwezo, ndipo likupezeka m'masewero a William Shakespeare. Ku Germany linasanduka "Kamerad", ndipo pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse msilikari wa kumeneko akafuna kudzipereka kwa adani anali kukweza manja ndi kufuula liuli, monga wokumbutsa mdaniyo kuti onse awiri anali kugona m'matope amodzimodzi.

Muzu womwewo unabala liu lakuti "chamber", ndiko kuti cipinda, ndiponso dzina la kamera yojambulira zithunzi, pakuti makolo ace a kamera anali kacipinda kamdima kolowa kuwala pa kaboo kamodzi. Ca m'ma 1840 Angelezi anabwerekanso kwa Afalansa liu lina la banja lomweli, lakuti "camaraderie".

GOWELO NDI MBALE IMODZI

Munthu wokulira m'mudzi wa Acewa safunikira buku lomasulira mau kuti amvetse zimenezi. Anyamata akasinkhuka amacoka m'nyumba ya makolo nakagona m'gowelo kapena m'mphala pamodzi ndi anzao a msinkhu umodzi, ndipo atsikana naonso amakhala ndi gowelo lao. M'menemo mphasa ndi ya onse, cofunda cimakokedwa uku ndi uku, nsikidzi zimaluma onse mosasankha. Cimanga cimodzi cootcha cimadulidwa pakati. Wobwera usiku kucokera ku gule amadziwa amene adzamtsegulira citseko, ndipo amadziwanso kuti nkhaniyo sidzafika kwa akulu.

Amuna awiri amene anagona gowelo limodzi akakumana ali ndi imvi, wina ali mphunzitsi wamkulu wina ali mlimi, ulemu wa udindo umatsala panja. Amaitanana maina a ubwana naseka zinthu zimene ana ao sangazimve. Tanthauzo lenileni la "comrade" ndi limenelo: mnzako wa m'gowelo.

Cingelezi cili ndi liu linanso loyenda njira yofanana, lakuti "companion". Linacokera ku mau awiri a Cilatini, lina lotanthauza pamodzi, lina lotanthauza buledi. Motero "companion" ndiye munthu amene umanyema naye buledi, kapena kunena m'Cinyanja, wodya naye mbale imodzi. Limodzi mwa maulemu akulu amene dziko la Zambia limapereka kwa omenyera ufulu, la Order of the Grand Companion of Freedom, lili ndi liu limeneli m'kati mwace.

KUSIYANA KWACE NDI BWENZI

Ana a sukulu ambiri amaganiza kuti "comrade" ndi "friend" ndi cinthu cimodzi. Si tero ai. "Friend" ndiye bwenzi, munthu amene mtima wamsankha. Koma "comrade" sacita kusankhidwa. Amabwera naye ndi nchito, ulendo, ndende kapena nkhondo. Angakhale wa mtundu wina, wa mpingo wina, ngakhalenso wa khalidwe losakondweretsa, koma cifukwa cakuti tsoka logwera mmodzi ligwera onse, anthuwo amafika pokhulupirirana koposa abale.

Cifukwa ca ici Mngelezi sagwiritsa nchito liuli pokamba za mkazi wace, makolo ace kapena wokondedwa wace. Ndiponso munthu wongokhala naye mu ofesi imodzi amatchedwa "colleague". Pofuna kunena asilikari amene anamenya nkhondo pamodzi, amati "comrades-in-arms".

Liu lakuti "camaraderie" silitchula munthu, koma mzimu umene umakhala pakati pa anthu otere: kumasukirana, kusekana, kugawana kanthu kocepa ndi kuimirana pa mlandu. Siliwerengeka kuti cimodzi, ziwiri, ndipo munthu sangakhale naco ali yekha. Amalinena pokamba za timu ya mpira, anamwino a nchito ya usiku kapena anchito a pansi pa mgodi. Amene anatsiriza Fomu 5 cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, natumizidwa ku misasa ya Zambia National Service kukaguba ndi kulima, amaudziwa bwino mzimu umenewu, ngakhale kuti ambiri a iwo sanapite kumeneko mwa kufuna kwao.

Cinyanja cili ndi cibale, cimene ndi ca magazi, ndi ubwenzi, umene ndi wa mtima. Pofuna kunena cacitatuci cimagwiritsa nchito mau akuti mnzanga, mnzako, mnzace. Mauwa ali ndi khalidwe lodabwitsa, pakuti salola kuima okha. Palibe munthu amene angatchedwe "mnza" cabe. Nthawi zonse ayenera kukhala mnzace wa wina.

MPIKISANO WA COMRADES

Ku South Africa kuli mpikisano wothamanga wotchuka pa dziko lonse umene unatenga dzina limeneli, wa Comrades Marathon. Anauyambitsa ndi Vic Clapham, msilikari amene anayenda mitunda yaitali pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ku East Africa. Nkhondo ya kumeneko ndi yomwe ija inathera m'dziko lino, pamene mkulu wa asilikari a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, kumene tsopano ndi ku Mbala, pa 25 November 1918.

Clapham anafuna cikumbutso ca anzace amene anafera m'njira, ndipo anaona kuti cikumbutso coyenera ndi ulendo wowawa wa pansi. Mpikisano woyamba unacitika pa 24 May 1921, kucokera ku Pietermaritzburg kufika ku Durban, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Ananyamuka anthu 34, anafika 16. Kufikira lero othamanga amaoneka akugwirana m'mapewa, wamphamvu akukoka wolefuka kuti onse afike nthawi isanathe.

Komatu mbiri ya mpikisanowu ili ndi cipsera. Pa nkhondo ija Aafirika zikwizikwi, ambiri a iwo ocokera ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland, anasenza akatundu a asilikari monga amtengatenga, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Koma mpikisano wa dzina la ubale unakana kulembetsa anthu akuda, ndi akazi omwe, kufikira caka ca 1975. Robert Mtshali anathamanga mu 1935 popanda kuwerengedwa. Munthu wakuda woyamba kupambana, Sam Tshabalala, anatero mu 1989. Apa ndi pamene paonekera kuti liu lingalembedwe pa mbendera koma m'zocita mulibe.

KULOWA KWACE M'NDALE

Anthu a ku France ataukira ufumu mu 1789, anataya maina aulemu a mafumu ndi eni cuma nayamba kuitanana kuti "citoyen", ndiko kuti nzika. M'zaka za m'ma 1800 magulu a anchito ndi otsata sosholizimu ku Ulaya anafunanso liu loonetsa kuti pakati pao palibe mbuye ndi kapolo. Ku Britain liu la asilikari lija linayamba kumveka m'misonkhano yao ca m'ma 1880.

Boma la cikomyunizimu litakhazikika ku Russia mu 1917, anthu a kumeneko anali kuitanana kuti "tovarishch", ndipo omasulira anali kulitembenuza m'Cingelezi kuti "comrade". Ici ndico cinasokoneza ambiri kuti aziliyesa la ku Russia.

M'Afirika dziko lililonse linalibveka cobvala cace. Ku Tanzania, m'nthawi ya Mwalimu Julius Nyerere, anasankha liu la Ciswahili lakuti "ndugu", kutanthauza mbale. Ku Mozambique ndi ku Angola omenyera ufulu anali kunena "camarada", monga momwe liliri m'Cipwitikizi. Ku Zimbabwe nyuzipepa ya The Herald imalembabe "Cde" patsogolo pa maina a atsogoleri a cipani ca ZANU-PF.

M'dziko lino liuli linafika pa nthaka yolimidwa kale. M'nthawi ya atsamunda Mzungu anali "Bwana" ndipo mkazi wace anali "Dona", pamene bambo wa imvi, wa ana ndi adzukulu, anali kuitanidwa "boyi" nagulira nyama pa zenera la buchala. Kwa munthu wotere, kumva mtsogoleri wophunzira akumuitana ndi dzina lomwelo limene iye mwini anali kuitanidwa nalo cinali cinthu cacikulu.

Ndiponso atsogoleri oyamba anali ndi mangawa a liuli m'tanthauzo lace lakale. Boma la atsamunda litaletsa cipani ca Zambia African National Congress mu March 1959, a Kenneth Kaunda anatumizidwa ku Kabompo, ndipo pambuyo pace anaikidwa m'ndende ku Lusaka ndi ku Salisbury kufikira January 1960. Anzao ambiri anabalalitsidwa ku madera akutali, ena anagona pa simenti ya ndende imodzi, makamaka m'nthawi ya Cha Cha Cha mu 1961. Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo Cipani citalandira nzeru za Humanism mu 1967, liuli linakwera pamodzi nao kulowa m'maofesi a Boma.

MTENGO WACE

Liuli linayesedwa pa moto m'zaka za nkhondo zomasula maiko oyandikana ndi Zambia. Mzinda wa Lusaka unasunga likulu la ANC ya ku South Africa, ndipo a Oliver Tambo anakhalamo zaka zambiri. Unasunganso a Joshua Nkomo ndi cipani cao ca ZAPU, pamodzi ndi omenyera ufulu a maiko ena. Kuyambira mu 1968 asilikari a FRELIMO anali kudutsa m'Cigawo ca Kum'mawa polowa ku Tete, kotero kuti anthu a m'malire analimva liuli m'Cipwitikizi comwe.

Kupatsa mlendo wotere pogona kunali kuitana moto pa denga. Mu January 1973 Ian Smith anatseka malire a Rhodesia. Mu March 1978 asilikari ace anaukira mudzi wa Kavalamanja m'boma la Luangwa, ndipo nzika za dziko lino zinafa pamodzi ndi alendo ao. Pa 19 October caka comweco ndege zao zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndiponso anaukira msasa wa ku Mkushi, m'mene munali atsikana ambiri. Anthu mazanamazana anafa. Mu 1979 anaphwanya nyumba ya a Nkomo m'kati mwa Lusaka nagwetsa milatho, kuphatikizapo wa pa Chambeshi.

Dziko silinathamangitse alendo ace. N'cifukwa cace a Nelson Mandela, atatuluka m'ndende pa 11 February 1990, anafika ku Lusaka mwezi womwewo usanathe. Mu 2002 dziko la South Africa linapatsa a Kaunda ulemu wa Order of the Companions of O.R. Tambo, ndiko kunena kuti anadya naye mbale imodzi.

Koma amene anasunga tanthauzo la liuli koposa onse ndi anthu amene sanali kulitchula n'komwe. Nkhondo ya pakati pa Boma la Mozambique ndi RENAMO itakula m'zaka za m'ma 1980, mabanja zikwi zambiri anathawira ku Petauke, ku Katete ndi ku Chadiza. Msasa wa Ukwimi usanatsegulidwe mu 1987, anthu a m'midzi ya m'malire ndiwo anawalandira. Anawapatsa khonde, nkhokwe ndi kadimba, pamene iwo eni analibe zambiri. Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Othawawo anabwerera kwao mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992.

PAMENE LINASUKULUKA

Ndalama yacitsulo ikayenda m'manja ambiri, cithunzi cace cimafufutika. Dziko litakhala la cipani cimodzi mu December 1972, liu lija linasanduka la lamulo la mwambo. Aliyense wa udindo anali "comrade", kaya anagonapo m'ndende kaya ai. Liu lobadwira kucotsa maina aulemu linakhala ilo lomwe dzina laulemu.

Ngakhale pakati pa amene anali nalo mangawa enieni, liuli silinathe kumanga zonse. A Kaunda ndi a Simon Mwansa Kapwepwe anakulira pamodzi ku Chinsali, anamenyera ufulu pamodzi, ndipo a Kapwepwe anakhala waciwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko kuyambira 1967 kufikira 1970. Koma mu 1971 anacoka nayambitsa cipani ca UPP, ndipo mu February 1972 anatsekeredwa ndi Boma la mnzao wa ubwana, natulutsidwa kumapeto kwa cakaco. Anamwalira mu January 1980. Lero bwalo la ndege la ku Lusaka lili ndi dzina la mmodzi, la ku Ndola lili ndi dzina la mnzace.

Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, anthu wamba anayamba kuona kuti "makomuredi" ali mitundu iwiri. Wina anali kudutsa pa galimoto ya Boma, wina anali kuima pa mzera kuyambira tambala woyamba kudikira unga wa cimanga, sopo ndi mafuta ophikira. Pa misika ndi pokwerera mabasi anyamata ena a Cipani anali kufunsa khadi asanalole munthu kudutsa. Zipolowe za unga zinabuka ku Migodi mu December 1986 ndi ku Lusaka mu June 1990, ndipo makuponi a unga amene anayamba mu 1989 sanathe kuziziritsa mitima. Cipinda sicinalinso cimodzi, mphika sunalinso umodzi.

Pa masankho a pa 31 October 1991 cipani ca MMD ca a Frederick Chiluba cinapambana, a Kaunda anapereka mpando mwamtendere, ndipo liu lija linatsika pa maina a nduna monga cikwangwani cakale.

KUMENE LIKALI NDI MOYO

Ngakhale zili tero, cimene liuli limanena sicinafe. Cili m'cikepe cotsika pansi pa mgodi ku Mufulira ndi ku Chingola, m'mene Mbemba, Mlozi ndi Mnsenga amadziwa kuti mwala ukagwa sudzafunsa mtundu. Cili pakati pa amai a pa msika amene amasonkherana cilimba, ndipo wina akaferedwa anzace amamgulitsira tomato wace kuti asaole. Cili pa adzukulu okumba manda dzuwa lisanatuluke, ndi pa alimi oitanirana dima kuti munda wa mkazi wamasiye usagonere.

Cotero wofuna kugwiritsa nchito liu lakuti "comrade" moyenera, kaya m'kalata, pa msonkhano kapena pa mayeso a Cingelezi, ayenera kuyamba wafunsa za cipindaco: anthu awiriwa anagona kuti pamodzi, anagawana ciani, ndipo tsoka la mmodzi limamkhudza bwanji winayo. Ngati yankho palibe, pali mau ena aulemu okwanira, monga Bambo, Mai kapena Olemekezeka.

Boma lingapatse munthu udindo, ndipo cipani cingampatse khadi. Koma dzina ili limaperekedwa ndi munthu mmodzi yekha, amene anafunda naye cofunda cimodzi usiku wa mphepo. Cinyanja cinaziona kale zimenezi pamene cinakana kuti munthu akhale "mnza" popanda mnzace.